Asanayatse Mota

Makina a m'fakitale sadziwa pamene mkono wawo waima pokhapokha atauzidwa. Amene amawauza ndi kachipangizo kotchedwa encoder, komangidwa kumbuyo kwa mota, kamene kamawerenga kuzungulira kwa shafti n'kutumiza nambala kwa controller, bokosi lolamulira kayendedwe ka motayo. Ku Wadeville, dera la mafakitale kummwera chakum'mawa kwa Joni, kuli bambo wina wa ku Dedza amene ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti ziwirizi zikumvana.

Ntchito yakeyi inakula ndi kuthimathima kwa magetsi kumene Eskom inayamba mu 2007. Encoder yongowerenga masitepe imaiwala zonse magetsi akathima, ndipo makina amayenera kubwerera poyambira kuti adziwenso pamene ali. Ya mtundu wa absolute siiwala. Zambiri mwa izo zimapereka ma bit 25: 13 ogawa kuzungulira kumodzi m'magawo 8,192, ndi 12 owerenga maulendo mpaka 4,096.

Nambalayo imayenda pawaya motsatizana, bit pambuyo pa bit, ndipo zilankhulo zake n'zosiyana. Pali SSI, imene inachokera ku kampani ya Stegmann ku Germany m'zaka za m'ma 1980, pali EnDat ya Heidenhain, komanso BiSS ya iC-Haus. Pa SSI, controller imatumiza kugunda kwa clock, ndipo encoder imayankha bit imodzi pa kugunda kulikonse. Bamboyo amayenera kuuza controller kuchuluka kwa ma bit, liwiro la clock, ndi kalembedwe ka nambala. Waya akatalika amatsitsa liwirolo, pakuti yankho limafika mochedwa. Kalembedwe kangakhale ka binary kapena ka Gray, kotchedwa dzina la Frank Gray wa ku Bell Labs, kamene nambala iliyonse imasiyana ndi yotsatira pa bit imodzi yokha.

Choopsa n'chakuti kulakwitsa pamenepa sikuimitsa makina. Controller ikawerenga Gray ngati binary imalandira nambala yooneka bwino koma yabodza, ndipo mota imadumphira kumene sinatumidwe. Pambali pa makinawo pamaima munthu woika zitsulo, mwina wa ku Tete, mwina wa ku Masvingo, ndipo dzanja lake lili pomwepo.

N'chifukwa chake bamboyu sayatsa mota asanazungulitse shafti ndi dzanja. Maso ake amakhala pa laputopu, kuona ngati nambala ikukwera mwadongosolo popanda kudumpha, ndiponso ngati kuzungulira kumodzi kwawonjezadi 8,192. Kenako amathimitsa magetsi, n'kuyatsanso, kuti aone ngati nambala yabwerera yomweyo. Kapitawo amakhala akuyendayenda kumbuyo kwake, pakuti fakitale ikaima ndalama zimatayika, ndipo mlendo wochedwetsa ntchito sasowa womulowa m'malo. Ku Dedza kuli ana oyembekezera fizi ya temu yamawa.

Agogo ake anabwera kuno kudzera ku Wenela, ndipo pansi pa mgodi ankamvana m'Chifanakalo. Ankasimba kuti mawu osamveka konse sankapha munthu, chifukwa munthu ankafunsanso. Oopsa anali amene munthu ankayesa kuti wawamva. Mdzukulu wawo amakumbukira zimenezi kapitawo akayamba kuloza wotchi, ndipo amazungulitsanso shafti kachiwiri asanalole aliyense kuyandikira makinawo.