Kwa mphwanga amene akukajambula oyimba usiku

Mphwanga,

Amayi ako andiuza kuti wapeza ganyu yokajambula zithunzi ku chikondwerero cha zoyimba kunyanja mwezi wamawa, ndipo akuti utenga kamera yomwe umajambulira maukwati ija. Kamerayo ndi yokwanira. Chimene chandidetsa nkhawa ndi chizolowezi chako choisiya pa Auto.

Paukwati dzuwa limakugwirira ntchito. Pasiteji usiku kamera imapusitsika. Imaona mdima wonse uli kumbuyo kwa woyimba n'kuganiza kuti chithunzi chada, ndiye imalowetsa kuwala kochuluka. Mapeto ake nkhope ya munthu imayera mbuu ngati wagwera m'thumba la ufa, maso ndi mphuno osaoneka. Choncho ika kamera pa M. Poyeza kuwala sankha spot metering, uloze pachipumi kapena patsaya la woyimbayo. Nkhope ikaoneka bwino, mdima wakumbuyo usiye momwemo. Anthu sakudzagula chithunzi cha nsalu yakuda yotchinga siteji.

Yamba ndi shutter. Woyimba amene waima pa maikolofoni, 1/250 ikukwanira. Akayamba kudumpha, kapena ovina akalowa, pita pa 1/500. Woyimba ng'oma ndiye wovuta, timitengo take timafuna liwiro loposa pamenepo, ngakhale ine ndimakonda timitengoto titaoneka mwachimbuuzi pang'ono bola nkhope ili yakuthwa.

Kenako kabowo ka lenzi, katsegule: f/2.8 kapena kukulirapo. Apa m'pamene lenzi yako ya 18-55mm idzakugwiritse fuwa la moto. Ukaikoka kufika pa 55mm imatsekeka mpaka f/5.6, kutanthauza kuti pa magawo anayi a kuwala kolowa pa f/2.8 iwe ukulandira limodzi lokha. Ndikubwereka yanga ya 50mm f/1.8. Koma samala nayo. Pa f/1.8 malo akuthwa ndi ochepa kwambiri, ndipo kamera imakonda kugwira maikolofoni n'kusiya diso. Sankha kadontho kamodzi ka focus, ukaike padiso, ndipo kamera izitsatira munthu akamasuntha: pa Nikon amati AF-C, pa Canon AI Servo.

ISO ndiyo imene achinyamata mumaiopa popanda chifukwa. Yambira pa 1600. Kukada kwera pa 3200, ngakhale 6400. Ife tinkajambula ndi filimu ya Kodak Tri-X ya 400, n'kuikakamiza kufika 1600 poitsuka, ndipo mpukutu umodzi unali wa zithunzi 36 basi. Usiku wina ndili mnyamata ndinaopa kuikakamiza filimuyo, poti ndinkadana ndi timadontho tonga mchenga timene timatuluka pachithunzi. Ndinatsitsa shutter kufika 1/30. Mipukutu iwiri yathunthu inatuluka mizukwa yokhayokha, wina mitu itatu, wina gitala ngati utsi. Mkulu wa gulu limene ndinkajambulalo anayang'ana zithunzizo chimodzichimodzi, osalankhula, n'kundibwezera envelopu yanga. Ndinabwerera wapansi tsiku limenelo. Chithunzi cha timadontho munthu amalipira, chogwedezeka amabweza.

Jambula mu RAW, ngakhale idzadya malo pa khadi. Magetsi a pasiteji amasintha mtundu kangapo nyimbo isanathe, ndipo khungu la munthu ungalikonze bwino pakompyuta ngati wajambula mu RAW. Ofiira okhawo ndiwo mdani: amafafaniza makwinya ndi thukuta, nkhope n'kukhala ngati phwetekere. Akayaka ofiira, tsitsa kuwala pang'ono kapena ingodikira. Woyendetsa magetsi amabwereza zomwezomwezo pa kolasi iliyonse, ndiye ukamvetsera nyimbo udziwa nthawi imene oyera abwerere. Zikakanika, chithunzi chofiiracho uchisandutse chakuda ndi choyera. Ukaonanso mizeremizere yopingasa pachithunzi, ndi magetsi a LED amene akuphethira mofulumira. Zimitsa silent shutter ugwiritse ntchito shutter yolira ija.

Fulashi isiye m'chikwama. Imapha mitundu yonse ya pasiteji, imawalitsa utsi m'malo mwa munthu, ndiponso imathobwa woyimba m'maso. M'makonsati ambiri akuluakulu lamulo ndi lakuti ojambula aloledwe nyimbo zitatu zoyambirira zokha, popanda fulashi. Kafunse okonza mwambowo masana, usakamvere kwa mlonda usiku. Ndipo zonse ndanenazi uziike oyimba asanakwere, poti nyimbo zitatu sizichedwa.

Kunyanja kuli mchenga ndi mphepo, ndiye usasinthe lenzi pabwalo. Tenga mabatire awiri odzaza ndi khadi yapadera. Gula totseka m'makutu. Khutu langa lakumanzere limalira mpaka lero chifukwa choima pafupi ndi masipika. Vala zakuda, uzigwada ukakhala kutsogolo, pakuti amene ali kumbuyo kwako analipira pakhomo kuti aone woyimba, osati msana wako.

Bwera Loweruka udzatenge lenziyo. Ubwere ndi kamera yako, ugone konkuno. Madzulo tidzazimitsa magetsi, azakhali ako adzagwira tochi, ana adzavina pakhonde, ndione ngati zala zako zingasinthe ISO osayang'ana mabatani. Upereke moni kwa amayi ako.

Ndine,
Malume ako