Kudzutsa Njinga Yakale

Anthu ambiri akaona njinga yadzimbiri amati moyo wake watha. Ine ndimakana maganizo otere, pakuti msana wa njinga ndi felemu. Felemu ikakhala yopanda mng'alu, zina zonse zimatheka kubwezeretsa.

Nditapuma pantchito yauphunzitsi, ndidagula njinga yamagiya ya pakaunjika, mtundu uja wokhala ndi masipuling'i kutsogolo kokha, kumbuyo kuli gwa. Ndidayamba ndi kupala dzimbiri. Kenaka ndidasintha tcheni ndi mabuleki, ndidakunga masipokosi ndi kupaka girisi watsopano m'mahabu. Ndidasankha matayala otakata, okhala ndi mano akuluakulu, chifukwa kuno ku Benga ukangosiya phula la msewu wa M5 umakumana ndi mchenga wakunyanja kapena zitunda zolowera ku Mwansambo. Ndidamangiranso kaliyala, poti njinga yakumudzi iyenera kusenza thumba la mpunga.

Luso lotere silidayambe lero. Njinga zamtunduwu zidabadwa m'zaka za m'ma 1970 ku California, kumene achinyamata ankatola njinga zakale za Schwinn n'kuziika magiya ndi mabuleki amphamvu kuti aziyenda nazo m'mapiri. Mu 1981 kampani ya Specialized idayamba kugulitsa Stumpjumper, yopangidwa m'fakitale.

Tsono ana anga, musamanyengeke ndi utoto wowala, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Munthu amene adakonza yekha njinga yake amadziwa tanthauzo la kaphokoso kalikonse, ndipo ikamufera kutali ndi amakanika sagona kutchire.