Tsitsani Voliyumu, Achimwene

Mvula ya kuno ku Cape Town imagwa mu June ndi July, nthawi imene kwathu anthu amakhala atakolola kale, akuwotha moto chifukwa cha chiperoni. Ikagwa ku Philippi madzi salowera kudenga kokha, amatulukiranso pansi, poti dera lonseli ndi mchenga ndipo madzi ali pafupi. Usiku wotere sugona. Umakweza matiresi pamakreti n'kukhala tsonga kudikira kuti kuche. Ndi pa usiku ngati umenewo pamene ndimatsegula nyimbo za Evison Matafale, motsitsa kwambiri, foni nditaigunditsa kukhutu.

Ndimatsitsa chifukwa khoma la chisakasa ndi lata limodzi; mnzako akatsokomola kuseli umamva. Ife amene tinaona za mu May 2008, alendo akuthamangitsidwa m'makomboni a dziko lino, tinaphunzira kuti chilankhulo chako suyanika panja ngati zovala. Aneba anga ndi anthu abwino, Axhosa ochokera ku Eastern Cape amene nawonso kwawo n'kutali. Mayi a khomo lachiwiri amandisungira kiyi. Komabe chala chimathamangira chokha kukatsitsa.

Matafale ndinamudziwira kwa achimwene anga. Tinkakhala ku Chirimba, iwo ali kondakitala wa minibasi yopita ku Chileka. Tsiku lina anabwera ndi kaseti ya Kuimba 1, atagula kwa O.G. Issa ku Limbe, kumene pafupifupi woimba aliyense wa masiku amenewo ankagulitsira makaseti ake. Nthawi imeneyo wailesi inali m'manja mwa a ku Balaka: Lucius Banda, Paul Banda, Billy Kaunda, Mlaka Maliro. Reggae yawo inali yopepuka, ya kiyibodi, yoti ngakhale amayi a mvano ankagwedezera mutu. Ya Matafale inkayenda molemera ngati munthu wochokera kumanda. Mawu ake sanali osalala. Ankaimba ngati wadwala ndipo alibe nthawi yokometsera zinthu, Baibulo lili pakamwa koma osati mwa kutchalitchi. Mayi athu atamva anangoti, "Kodi mwana ameneyu wafedwa?"

Tinali titafedwa tonse, kungoti sitinkanena. Zipani zambiri zinali zitabwera mu 1994, tinavina, koma pofika kumapeto kwa zaka zimenezo chisangalalo chinali chitazirala. Edzi inkatenga anthu sabata ndi sabata, malo okhomera mabokosi ankachuluka m'mbali mwa misewu, kwacha inkagwa, makampani ankatseka. Nyimbo zotilimbitsa mtima zinalipo zambiri. Yosowa inali nyimbo yoti ikhale nawe pansi osakuuza kuti upukute misozi.

N'chifukwa chake oyamba kumugwira sanali a m'maofesi. Anali makondakitala, oitanira, mavenda a mumsika wa Blantyre, anyamata omaliza Fomu 4 amene ankangoyenda ndi envulopu ya satifiketi. Kunalibe kampani yaikulu yomukankha. Kaseti inkayenda dzanja ndi dzanja, kujambulidwa pa wailesi ya makaseti awiri mpaka mawu kuchita kulira ngati ali m'chitini. Yathu itadyedwa, achimwene anaikoka mosamala, kuikulunga ndi bolopeni, pamene panaduka n'kumata ndi kyuteksi ya mlongo wathu. Pamalo pamenepo nyimbo inkadumpha. Mpaka lero ndikamamvera ya pa YouTube, yoyera bwino, khutu limadikirabe kudumphako.

Pa Kuimba 1 anamuthandiza ndi a Wailing Brothers. Kuimba 2, ya mu 2001, anaimba ndi gulu lake la Black Missionaries, la abale ake a ku Chileka, ana a malemu Robert Fumulani amene nyimbo zake makolo athu ankavina kale. Ine Matafale sindinamuonepo ndi maso. Ndinkati ndidzapita ndikadzapeza ya pakhomo. Munthu wa zaka 32 umaganiza kuti alipo mpaka kalekale. Mu November chaka chomwecho anamangidwa akudwala, chifukwa cha kalata yodzudzula boma la Bakili Muluzi, ndipo pa 27 November anamwalira ku Lilongwe ali m'manja mwa apolisi. Anasiya makaseti awiri okha.

Zaka zingapo zapitazo ndinkagwira ganyu yopenta ndi mnyamata wina wachizungu wa ku Bellville. M'bakkie yake munkalira rock ya Chiafrikaans, ya gulu la kwawo komweko limene linayamba mu 2003, lotchedwa Fokofpolisiekar, dzina lotukwana galimoto ya apolisi. Anandifotokozera kuti ali mwana, makolo ndi abusa ankadana nalo, koma iye ndi anzake ankaona kuti ndi okhawo onena zimene zinali mumtima mwawo. Ndinamumvetsa kuposa mmene ankaganizira. Chimene sindinamuuze n'chakuti anyamata akewo anatukwana apolisi pachikuto cha CD n'kukula mpaka kumera imvi, pamene wathu analemba kalata.

Ambiri tinkati gulu latha. Silinathe. Musamude Fumulani anatenga maikolofoni, anatulutsa Kuimba 3, ndipo anapitiriza kuwerenga manambala ngati kuti mwini wake wangotuluka pang'ono. Musamude anamwalira mu 2007, Gift Fumulani mu 2008, Anjiru n'kutsogolera, Chizondi ali pa kiyibodi. Gulu limene laika anthu ake m'manda motsatizana chonchi silichita kuyerekeza chisoni. Ngakhale zili choncho, Lamlungu tikakumana a Malawi a kuno, ena ogwira m'minda ya ndiwo zamasamba ya ku Philippi konkuno, ena m'magadeni a ku Constantia, ine ndimakhala mbali ya okakamira kuti Ma Blacks enieni ndi a makaseti oyambirira, kuti za pambuyo pake zinapepukira kumadansi. Ndikudziwa kuti ndikuwalakwira. Anthu sangakhale pamaliro zaka makumi awiri kuti ine ndisangalale, ndipo iwo ndi amene November aliyense amasonkhanitsa khamu ku Chileka kukumbukira abale awo, ine ndili kuno.

Achimwene ndi amene anandiitanira ku Joni, ndipo kuno n'kumene anatsikira kuli chete. Kutumiza thupi kwathu ndi ulendo wa makilomita oposa 3,000, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, ndipo ndalama zake tinasonkha anthu ambiri, ena osawadziwa n'komwe. Usiku wa chisanachoke galimoto tinagona pakhomo. Nyimbo za m'buku zitatha, mlamu anga anatulutsa sipika n'kuika Matafale, osatsitsa. Mtima unandigunda. Ndinatsala pang'ono kunena zimene ndinkawauza achimwene nthawi zonse akaledzera, zoti tsitsani voliyumu kuno si ku Chirimba. Chitseko cha khomo lachiwiri chinatseguka, mayi aja anatuluka atafunda bulangete. Ndinaimirira kuti ndikapepese. Iwo anali atanyamula mipando iwiri yapulasitiki. Anakhala mpaka mbandakucha, ndipo pochoka anandifunsa kuti nyimbo zimenezo n'za mpingo wanji. Ndinasowa choyankha, ndinangoti za kwathu.

Sindinganame kuti kuchokera tsiku limenelo ndimakweza. Sindikweza.

Mwana wanga anabadwira kuno. Amalankhula Chixhosa ngati mwini wake, amanditchula kuti tata, ndipo m'foni mwake muli amapiano okhaokha. Chichewa amamva koma amayankha m'chinenero china. Mvula ya chaka chino itatidzutsa, tili pamakreti awiriwiri miyendo titapinda, anandilanda foni n'kuona dzina la nyimbo. Anawerenga movutikira, "Watsetsereka," n'kufunsa tanthauzo. Ndinayesa Chingerezi, sizinamveke. Ndinayesa Chixhosa changa chothyokathyoka, anaseka. Kenaka ndinatsitsa phazi pansi pamatope n'kulitereretsa, mpaka ndinatsala pang'ono kugwa ndithu.

"Ndiye munthuyu akulira chifukwa wina waterereka?"

Ndinati amvere kaye mpaka ithe. Anaika foni kukhutu monga ndimachitira ine. Madzi anali atafika pa mwendo wa tebulo, ndipo ndinadzuka kukakweza thumba la ufa.