Ndodo imodzi ikwana ku Shikabeta

Imwe amene mukonzeka ulendo wa ku Shikabeta, osasiliza salary pa zowedzera. Ine nimanyamula ndodo imodzi chabe, twine yolimba na mbedza zamasaizi awiri: zing'ono za ma bream, zikulu za milamba. Pamwamba pa mbedza mangani kawaya, chifukwa mcheni wa mu Lunsemfwa umadula twine monga lezala. Zomwezi zimasebenza na pa Kariba, ku Siavonga.

Neti ya udzudzu isiyeni pa bedi. Imakokolola na tuana twa nsomba, manje mailo muzawedza chani?

Ndalama zotsala sungilani Nkomba Lyanga, mwambo wa Asoli, mukaone magule, mugule na nkhuku ya kumudzi. Koma pa mtsinje chenjerani mwandi, ng'ona sizidziwa kuti ndinu a mu Lusaka.