Masiku a pa dikoda

Ndikukula ine, mwezi sunkadulidwa. Munthu akalowa m'nyumba ya lendi pa Salima boma pa 20, eni nyumba ankafuna ndalama ya mwezi wathunthu, ndipo ukati unyinyirike ankangokulozera msewu. Bilu ya ESCOM inkabwera papepala mwezi ukatha, kwa ochepa amene anali ndi magetsi. Ife a ku Senga Bay tinalibe cholipira pamwezi. Wailesi ya MBC inkangofuna mabatire, ndipo ngakhale TVM itayamba mu 1999, ambiri tinkaionera pawindo la eni ake.

Lero msodzi ali ndi bandulo ya tsiku kapena ya sabata pafoni, mayunitsi a magetsi ogula pa Mpamba kapena Airtel Money, sola yolipira pang'onopang'ono, ndi dikoda. Zonsezi zimayenda ndi masiku, ndipo tsiku lililonse lili ndi mtengo wake.

Alamu anga amaonetsa mpira pafupi ndi mathandala oyanikapo usipa. Ndi kachipinda ka malata, mabenchi a matabwa, chinsalu chakuda pakhomo, ndi bolodi lolembapo masewero a tsikulo ndi choko. Makasitomala awo ndi alovi, ndipo ndalama ya alovi imayendera nyanja. Kukakhala mdima, usipa umabwera kunyali, chilimira chimadzadza, madzulo mabenchi sakwana. Mwezi ukawala kumwamba, mabwato amakhala kumtunda, anthu amaonera mpira pa ngongole. Mu Juni ndi Julaye mwera umavuta, ligi ya ku England nayo imakhala itatseka, choncho alamu amatsikira ku pakeji yotchipa. Ogasiti akafika amakweranso, kawirikawiri pakati pa mwezi, chifukwa ligi siyang'ana tsiku limene iwo adalipira.

Apa ndi pamene pali masamu amene makolo athu sadakumane nawo. Tiyerekeze kuti pakeji yaing'ono ndi K30,000 pa masiku 30, yaikulu ndi K60,000. Ndiye kuti tsiku limodzi ndi K1,000 kwinaku, K2,000 kwinaku. Mwaonera yaing'ono masiku 20, atsala 10, mukufuna kukwera. Simuyenera kulipira K60,000 yonse. Masiku 10 otsalawo mudalipira kale pa mtengo wotsika, choncho mumangowonjezera kusiyana kwake: K1,000 pa tsiku, kwa masiku 10, K10,000. Tsiku lolipiranso silisuntha.

Koma pali njira yachiwiri, ndipo ndi imene imayambanitsa anthu ndi ma ejenti. Mukakwera osawonjezera kanthu, kompyuta imatenga K10,000 ya masiku anu otsala n'kuigawa pa mtengo watsopano wa K2,000. Masiku 10 aja asanduka 5. Kanema amazima Loweruka, mpira uli pafupi kuyamba, anthu atalipira kale pakhomo. Zidawachitikirapo alamu, ndipo adafika kwathu akupuma mwamphamvu.

"Mlamu, andibera masiku anthu aja."

Tidakhala pamchenga, iwo akulemba manambala ndi chala. Munthu amene amagawa ndalama ya usipa pakati pa mwini boti, siginala ndi alovi, atachotsa ya mafuta, sachedwa ndi masamu oterewa. Asanamalize mzere wachitatu adafufuta okha ndi phazi. Palibe tambala imene idasowa. Chimene chidasowa ndi munthu wowauza pa nthawi yolipira kuti tsiku lawo lasuntha.

Ine kawerengedwe aka ndimakavomereza. Nkachilungamo kuposa ka eni nyumba aja. Chimene sindigwirizana nacho ndi chakuti khomo lokwerera limatseguka msanga kuposa lotsikira. Makampani ambiri amakukweza tsiku lomwelo, koma ukafuna kutsika amakuuza kuti udikire masiku ako athe, ndipo ndalama sabweza, akachita bwino amangoisunga kuti idzathandize mwezi wamawa. Kwa munthu wapamalipiro ku Lilongwe izi si nkhani. Kwa amene mwera wamutsekera nyanja sabata ziwiri, ndalama yogona mu dikoda ndi ufa umene palibe m'nyumba.

Chaka cha 2023 chidatiphunzitsa kuwerenga masiku mokakamiza. Mu Ogasiti MultiChoice idalengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malawi, itasemphana ndi MACRA pa nkhani yokweza mitengo. Amene adalipira kale adapitiriza kuonera mpaka masiku awo 30 atatha, ndipo aliyense woonetsa mpira ankadziwa pamtima tsiku limene ake athere. DStv idabwerera chaka chisanathe, koma mu Novembala kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti. Kuyambira pamenepo sindinaonenso woonetsa mpira kuno amene amalipira pakeji yaikulu chaka chonse osayang'ana kalendala ya ligi.

Alamu tsopano amalemba tsiku lolipira pakona ya bolodi, pansi pa Arsenal ndi Liverpool. Akafuna kukwera, amayamba awerenga masiku otsala ndi masewero amene agwere m'masikuwo, ndipo ngati ndi amodzi okha amadikira.

Inu amene mukupita kwa ejenti kukasintha pakeji, musanatulutse ndalama funsani zinthu ziwiri: ndiwonjezere zingati lero, nanga tsiku langa lolipira likhala lomwe lija kapena lisuntha? Akakuyankhani, muwapemphe akulembereni papepala.