Bodza Langa ndi Mau a pa Ndege

Anzanga ambiri pa sukulu pano amandifunsa za kapepala kolimba kamene ndimasunga pakati pa buku langa lomasulira mau, ndipo ena amayesa kuti ndi mankhwala a mayeso. Lero ndafuna kufotokoza mbiri yace m'magazini yathu ino, ngakhale iri nkhani yondicititsa manyazi, kuti kapena wina wa inu angatolepo kanthu.

Caka catha, ndiri mu Fomu 3, aphunzitsi athu a Cingerezi anabwera m'kalasi ndi maina a ana a sukulu a ku Hannover, m'dziko la Germany, amene anafuna abwenzi olemberana nao makalata. Anatiuza kuti mzinda umenewo ndi mzinda wathu wa Blantyre inapalana ubwenzi mu 1968. Ine ndinasankha mnyamata wa zaka 16, wokonda mpira monga ine ndemwe. Tinayamba kulemberana m'Cingerezi, pakuti iye sadziwa Cicewa, ndipo ine Cijeremani ndinali ndisanacimvepo n'kamodzi komwe. Makalata athu analikupita pa kompyuta ya m'laibulale, imene timaloledwa kuigwira Loweruka masana pokha.

Mnzangayo anandiuza za cisanu ca kwao, za sitima za pamtunda ndi za njinga yace yopitira ku sukulu. Tsiku lina anandifunsa ngati ndinakwerapo ndege. Apa ndi pamene ndinalakwa. Ndinacita manyazi kuoneka ngati munthu wosayenda, tsono ndinayankha kuti inde, ndinapitapo ku Johannesburg kukaona amalume. Zoona zace n'zakuti kwathu ndi kufupi ndi Lunzu, ndipo ndege ndimaziona ndiri m'munda pamene zirikutsikira ku Chileka. Pa banja lathu lonse amene anakwerapo ndege ndi agogo amuna okha, pamene anapita ku migodi ndi Wenela mu 1972.

M'mwezi wa May inafika kalata imene inandisowetsa mtendere. Azakhali ace a mnzangayo, amene amagwira nchito ya unamwino pa cipatala cina mu Blantyre, anamuitana kuti adzaceze nao pa holide ya mu August. Anayenera kuyenda yekha: kukwera ndege ku Frankfurt, kutsika ku Addis Ababa, kumeneko n'kukwera ina yofika ku Chileka. Analemba kuti ku Frankfurt alibe nako nkhawa, cifukwa zonse zalembedwa m'cinenero cace, koma ku Addis Ababa adzadalira Cingerezi cokha, ndipo akamva munthu alikulankhula mofulumira mutu wace umaima. Anatsiriza motere: "Iwe bwenzi langa umaphunzira zonse m'Cingerezi, ndiponso unayendapo pa ndege. Conde undilembere mau onse a pa bwalo la ndege ndi matanthauzo ace."

Akulu amati safunsa anadya phula. M'malo mopita kwa aphunzitsi, ndinakhala pansi n'kulemba za m'mutu mwanga. Mau akuti "departure" ndi "arrival" ndinawamasulira bwino, kunyamuka ndi kufika. Koma nditafika pa "boarding" ndinaganiza za sukulu yathu ino, imene amati "boarding school" cifukwa timagona ndi kudya konkuno. Conco ndinamuuza kuti "boarding pass" ndi cikalata copatsa mlendo malo ogona ndi cakudya pa bwalo la ndege, ndipo "boarding time" ndi nthawi yopita kukapumula. Za "gate" ndinati ndi cipata ca mpanda polowera magalimoto. Ndinatumiza kalatayo ndiri wonyada zedi.

Patapita masabata awiri tinalikuwerenga m'kalasi nkhani ya munthu wa pa ulendo, ndipo munali mau omwewo. Aphunzitsi anafotokoza kuti "boarding" ndiko kulowa m'ndege, ndi kuti munthu wosafika pa "gate" yace nthawi imeneyo ndege imamsiya. Thukuta linandituluka ngakhale kunali kozizira. Madzulo nsima inandikanika. Usiku wonse ndinalikuona mnzanga atagona pa benci ku Addis Ababa, ndege yace irikuuluka, iye alikudikira cakudya cimene ine ndinamlonjeza. Mtima wina unati ndikhale cete, pakuti palibe amene akanadziwa. Mtima wina unati mwana wa eni akatayika m'dziko lacilendo mlandu udzakhala wanga.

M'mawa mwace ndinapita ku ofesi ya aphunzitsi aja. Anandiyang'ana nati, "Kodi wadwala iwe?"

Ndinati, "Iai Bambo, koma ndanama, ndipo bodza langa lingathe kusoceretsa munthu." Ndinawafotokozera zonse osabisa kanthu.

Poyamba anaseka mpaka kupukuta misozi, koma pambuyo pace nkhope yao inasintha. Anandiuza kuti pa ndege mau si cinthu coseweretsa. Pa 27 March 1977, pa cisumbu ca Tenerife, ndege ziwiri zazikuru za mtundu wa Boeing 747, ina ya ku Netherlands ina ya ku America, zinagundana pa msewu wonyamukira m'kati mwa nkhungu, ndipo anthu 583 anafa. Cimodzi mwa zifukwa zace cinali kusamvana pa wailesi: oyendetsa ndege imodzi anayesa kuti aloledwa kunyamuka, pamene wa pa nsanja anali asanawalole. Cicokere pamenepo, mau akuti "take-off" amanenedwa pa wailesi pokhapokha pamene cilolezo cirikuperekedwa kapena kucotsedwa. Nthawi zina zonse amati "departure". Anatinso oyendetsa ndege pochula zilembo amati Alfa, Bravo, Charlie, kuti wina asamve B pamene mnzace wanena D. "Tsono iwe," anatero, "ukabwere Lacisanu titaweruka, tidzalembe kalata yoona."

Lacisanu anabwera ndi buku lomasulira Cijeremani ndi Cingerezi limene anabwereka kwa wansembe wina wa ku parishi. Tinakhala pansi maola awiri, ndipo ndinaphunzira zambiri koposa zimene ndinafuna kuphunzitsa mnzanga.

Coyamba ndinaona kuti Cijeremani ndi Cingerezi ndi zinenero zapacibale. Bwalo la ndege Ajeremani amati "Flughafen", ndiko kuti dooko la zouluka, ndipo "airport" ya Angerezi itanthauzanso dooko la mumlengalenga. Mau ambiri a pa ndege anatengedwa ku zombo za pa nyanja, monga "captain", "crew" ndi "cabin". Ngakhale "boarding" yemweyo anacokera ku "board", ndilo thabwa. Thabwa la m'mbali mwa combo ndilo linabala tanthauzo la kukwera, ndipo thabwa la tebulo lodyera ndilo linabala dzina la sukulu yonga yathuyi. Ine ndinagwira thabwa lolakwika. Ifenso tinabwereka: aphunzitsi anati "ndege" ndi mau a Ciswahili otanthauza mbalame.

Kenaka tinandandalika mau monga mwa mayendedwe a ulendo. Pofika pa bwalo munthu amayamba ndi "check-in", kumene amaonetsa pasipoti, napereka katundu wamkuru, nalandira "boarding pass", imene Ajeremani amati "Bordkarte". Pa kapepalako pamalembedwa nambala ya ndege, nambala ya mpando ndi "gate", ndilo khomo lotulukira popita ku ndege, kwao amati "Flugsteig". Katundu ndiye "luggage" kapena "baggage", kwao "Gepäck", ndipo mauwa salandira s kumapeto ngakhale masutukesi ali atatu. Cikwama colowa naco m'ndege ndi "hand luggage". Wosintha ndege atsate zikwangwani zakuti "transfer" kapena "connecting flights", asatsate zakuti "exit" kapena "baggage claim", cifukwa zimenezo ndi za anthu amene afika kumapeto kwa ulendo wao. "Delayed" ndiye kuti ndege yacedwa, "cancelled" ndiye kuti ulendowo walephereka, ndipo "final call" ndiko kuitana kotsiriza. Ukamva pamenepo thamanga. Pa katundu pamamangidwa kapepala ka zilembo zitatu: FRA ndi Frankfurt, ADD ndi Addis Ababa, LLW ndi Lilongwe, BLZ ndi Blantyre. Tinamuuza aonetsetse kuti pa sutukesi yace pali BLZ.

Cimene cinandikondweretsa koposa ndi mau aja ofanana maonekedwe koma osiyana matanthauzo, amene ali ngati mbuna kwa Mjeremani wophunzira Cingerezi. "Gift" m'Cingerezi ndi mphatso, koma m'Cijeremani ndi ciphe. "Bekommen" kwao ndi kulandira, koma "become" ndi kusanduka, kotero kuti Mjeremani wofunsa nthawi yolandira nkhuku yace m'ndege angathe kufunsa nthawi imene adzasanduka nkhuku. Telefoni ya m'manja iwo amati "Handy", pamene Mngerezi pomva mau amenewo amaganiza za cinthu cothandiza cabe. Mbuna yoopsa koposa iri pa nthawi. Mjeremani akati "halb acht" atanthauza 7.30, pakuti amawerenga theka la ora lopita ku 8. Koma Mngerezi akati "half eight" atanthauza 8.30. Munthu angathe kulakwitsa ndi ora lathunthu. Conco tinamlangiza kuti asakhulupirire makutu okha, koma aziwerenga manambala pa cikwangwani. Tinamkumbutsanso kuti "customs", kwao "Zoll", ndi malo oonetsera katundu wa msonkho, si miyambo ai, ndi kuti mu "aisle", kanjira ka pakati pa mipando, s samveka.

Pamene ndinalikuseka Ajeremani cifukwa cochula w monga v, aphunzitsi anandiuza kuti ndinene "flight". Ndinanena, ndipo anati, "Wanena 'fright', ndiwo mantha. Ife Acewa l ndi r timaziyesa cilembo cimodzi. Munthu ali yense ali ndi mwala wace wopunthwapo." Ndinaleka kuseka.

Mau onse titamaliza, anandisiya ndekha kuti ndilembe ndime yotsiriza. Imeneyo ndiyo inali yobvuta koposa zonse. Ndinalemba kuti sindinakwerepo ndege, ku Johannesburg sindinapiteko, ndi kuti kalata yoyamba ija aing'ambe. Ndinadikira yankho sabata yathunthu, ndirikuganiza kuti ubwenzi watha.

Yankho linafika Loweruka. Mnzangayo anati za "boarding" sanasocere nazo, cifukwa Ajeremani nawonso amagwiritsa nchito mau omwewo pa mabwalo ao, ndipo anayesa kuti ndinalikucita nthabwala. Koma za "half eight" ndi za kusiyana kwa "transfer" ndi "exit" sanazidziwe konse. Ndipo naye anaulula kuti makalata ace onse analikumkonzera ndi mlongo wace wamkuru, cifukwa anacita manyazi ndi Cingerezi cace poona canga. Tonse awiri tinalikubvala malaya obwereka. Kuyambira pamenepo makalata ace anadza ndi zolakwa zambiri, koma ndinawakonda koposa oyamba aja.

Mu August azakhali ace anadzanditenga pa galimoto ku Lunzu, ndipo tinapita limodzi ku Chileka. Kanali koyamba kuti ndilowe pa bwalo limene agogo amanena kuti Dr Banda anatsikirapo pa 6 July 1958. Ndinawerenga zikwangwani zonse cimodzi-cimodzi, ndipo ndinazizindikira monga anthu amene unangomva mbiri yao. Ndege itatera mtima wanga unagunda kwambiri, kufikira ndinaona mnyamata wamtali, wofiira ndi kutopa, alikukoka sutukesi. Atapatsa moni azakhali ace anandigwira dzanja nati m'Cingerezi, "Ndakutengera ciphe," natulutsa mpira wacikopa watsopano.

M'galimoto anatifotokozera kuti ku Addis Ababa khomo la ndege yace linasinthidwa, monga zimacitika kawiri-kawiri pa mabwalo akuru. Iye anakhala pa khomo lakale osadziwa kanthu. Mwa mau onse a pa cimkuza-mau anatolapo atatu okha, "final call" ndi Blantyre, ndipo anathamanga nakafunsa wanchito wina, nalowa m'ndege ali mmodzi wa otsiriza. Pomva izi ndinakhala cete, ndirikuganiza cimene cikadacitika ndikadasankha kubisa bodza langa.

Tsiku lobwerera kwao anandipatsa "boarding pass" yace ya ulendo wa ku Addis Ababa kufika ku Blantyre, ndipo ndiko kapepala kaja muli kukaona m'buku langa. Ndege sindinakwerebe, ndipo wondifunsa ndimamuuza comweco. Kwa inu anzanga, makamaka a Fomu 1 amene mumaopa kukweza dzanja m'kalasi, ndikuti mau amene simukuwadziwa funsani, pakuti aphunzitsi athu alipo ndipo mabuku ali m'laibulale. Tsopano mnzanga uja alikundiphunzitsa Cijeremani, mau khumi pa kalata iri yonse, ndipo ine ndirikumphunzitsa Cicewa. Sabata yatha anandifunsa cifukwa cace timati "bwalo la ndege" pamene bwalo ndi malo a milandu ndi magule. Ndamuyankha kuti ndikafunsa kwa agogo pa holide ikudzayi.

Wophunzira wa Fomu 4