"Inali itafalikira kale"

Pa maliro a munthu amene wafa ndi khansa timanong'onezana mau amodzimodzi: "Anaipeza mocedwa, inali itafalikira kale." Timagwedeza mitu ngati tamvetsa. Koma cimayenda n'ciani m'thupimo, ndipo cimayenda bwanji?

Maselo athu sangothinana cabe monga anthu mu minibasi ya ku Matero. Amagwirana. Kunja kwa selo iliyonse ya pakhungu, ya m'matumbo kapena ya pa khomo la cibaliro kuli puloteni yochedwa E-cadherin. Imakolana ndi inzake ya pa selo yoyandikana nayo, ndipo popanda calcium siigwira. Banja la mapuloteni amenewa analitulukira Masatoshi Takeichi wa ku Japan. Palinso ma integrin, amene amamangirira selo pansi, pa kamphasa kopyapyala komwe maselo onsewa akhalapo.

Khansa ikamayamba, maselo amaculukana mosalamulirika, koma akali pamalo pao, pamwamba pa kamphasa kaja. Zinthu zimaipa pamene ena acepetsa E-cadherin ndi kutaya anzao. Amatulutsa ma enzyme oboola kamphasako, ndipo ma integrin amene anali nangula amasanduka mapazi: selo imagwira kutsogolo, imadzikoka, imamasula kumbuyo. Ikalowa m'mitsempha ya magazi kapena ya lymph, imatha kukafika ku mapapo, ku ciwindi, ku mafupa. Ambiri mwa maselowa amafera m'njira. Ocepa opulumukawo ndi amene amatidzazira manda a ku Chingwere.

Cimene cimatiwawa n'cakuti pa khansa ya khomo la cibaliro, imene imapha azimai ambiri kuno ku Zambia kupambana khansa ina iliyonse, ulendowu umacedwa maningi kuyamba. Kucokera pamene kacilombo ka HPV kakhazikika, pamapita zaka 15 mpaka 20 kuti khansa ipangike, kapena 5 mpaka 10 kwa munthu amene citetezo ca thupi cinafooka, monga ndi HIV yosamwera mankhwala. Kwa zaka zambiri maselo osokonekerawo amakhala pamwamba, pomwe nesi angawaone.

Kuyambira 2006 makiliniki a boma mu Lusaka amapima ndi viniga. Nesi amapaka pa khomo la cibaliro, malo odwala amayera, ndipo nthawi zambiri amawapha ndi kuzizira kapena kutentha tsiku lomwelo. Palibe kugonekedwa, palibe mzere wa ku Cancer Diseases Hospital.

Manje vuto ndi ili: selo imene ikali kugwirana ndi anzake siipweteka. Ise tinakula tikudziwa kuti ku kiliniki amapita munthu wodwala, ndiye timayembekeza ululu kapena magazi, zimene kawirikawiri zimabwera kamphasa kataboledwa. Ndipo ambiri a ife amene tili m'zaka za m'ma 20 tinali titapitirira kale msinkhu pamene katemera wa HPV anafika kwa atsikana a zaka 14 m'dziko lonse mu 2019. Anyamata, tisayang'ane kumbali: kacilomboka nafenso timakanyamula ndi kukapatsira ena, osamva ciliconse.